Ndakatulo za ma alien m'magazini ya pasukulu: mmene mungawathandizire ana kuti alembe zawozawo

Aphunzitsi anzanga, makamaka inu amene ahedi anangokusenzetsani kalabu ya zolembalemba kapena magazini ya pasukulu osakufunsani n'komwe, tabwerani tikambirane. Chaka ndi chaka ndakatulo zomwe ana amabweretsa zimakhala zomwezomwezo, tisamale mitengo, Edzi ndi yoopsa, mayi wanga ndimakukondani, sukulu ndi tsogolo langa. Sikuti ndi zoipa ayi, koma ukawerenga 40 zoterozo mutu umayamba kuwawa ndipo umachita kuoneratu kuti mwanayu walemba zomwe akuganiza kuti aphunzitsi akufuna kumva. Nde teremu ina ndinangoti aaa tiyeseko zina, ndinawauza ana a Sitandade 6 ndi 7 kuti alembe za ma alien, zolengedwa zija anthu amaganiza kuti mwina zimakhala kumapulaneti ena. A Sitandade 8 ndinawasiya, amakhala ali kalikiliki ndi mayeso. Zina zinayenda zina zinandivuta, ndiye ndikuuzeni mwatsatanetsatane mmene ndimachitira pano.

Choyambirira, musanatchule n'komwe mawu oti ndakatulo, siyanitsani alien ndi mfiti. Musaseke. Tsiku loyamba nditangoti pali anthu amene amati anaona chinthu chozungulira ngati mbale chikuuluka usiku, mwana wina kumbuyo anangoti "ndi lichero limenelo sala" kalasi yonse phwii kuseka, ndipo mawa lake kholo lina linabwera kudzafunsa ahedi ngati n'zoona kuti kalabu ikuphunzitsa za ndege za ufiti. Kuyambira pamenepo ndimayamba ndi kuwauza ahedi komanso ndimawauza ana momveka kuti akakanene kunyumba: iyi ndi nkhani ya sayansi ndi kupeka, funso lake ndi loti kodi m'mlengalenga monsemu, nyenyezi zonsezi, zamoyo zili pa dziko lathu lokhali basi? Ndipo auzeni zoona, mpaka lero palibe wasayansi amene wapeza chamoyo kwina kulikonse kunja kwa dziko lapansi, ngakhale kachilombo kakang'ono. Akufufuzabe. Alien si mzukwa, si ndondocha, si namapopa. Ndi mlendo amene sitinamuonepo ndipo mwina kulibe, nde aliyense ali ndi ufulu womupeka mmene akufunira.

Kachiwiri apatseni ana zinthu zenizeni zoti agwire. Mwana ukangomuuza kuti peka, amapeka zomwe anaona pa katuni kwa aneba. Koma ukamupatsa kanthu koona kodabwitsa, mutu umatseguka. Ine ndili ndi nkhani zingapo zomwe ndimabwereza chaka chilichonse ndipo sizinandigwiritsepo mwala.

Yomwe imawagwira mtima kwambiri ndi ya Voyager. Mu 1977 bungwe la NASA la ku America linatumiza zombo ziwiri zopanda anthu, Voyager 1 ndi Voyager 2, ndipo pa chilichonse anamangirirapo chimbale chokutidwa ndi golide chokhala ndi nyimbo, zithunzi, kulira kwa nyama ndi moni wa m'zilankhulo 55, kuti ngati kwinakwake kuli zolengedwa zanzeru zidzachipeze zidzamve kuti kuno kuli anthu. Pa zilankhulo 55 zimenezo Chinyanja chilipo. Eee, chilankhulo chathu chomwechi. Mawu ake amamveka ngati Chinyanja cha anzathu a ku Zambia koma tanthauzo lake ndi lakuti muli bwanji inu nonse anthu akumwamba. Voyager 1 pano ili kutali kuposa chinthu china chilichonse chimene munthu anapangapo, makilomita oposa 20 biliyoni kuchokera kuno, ndipo moni uja ukupitabe. Ukawauza ana zimenezi kalasi imangoti zii, kenako wina amafunsa kuti nanga anayankha? Funso limenelo lisungeni, ndi ndakatulo kale imeneyo, tibwererako.

Ina ndi ya Edward Makuka Nkoloso wa ku Zambia, mphunzitsi wa sayansi amene mu 1964, chaka chomwe Zambia ndi Malawi analandira ufulu, analengeza kuti dziko lake lifika kumwezi ndi ku Mars asanafikeko a ku America ndi a ku Russia. Ankaphunzitsa achinyamata ake kufupi ndi Lusaka powalowetsa mu mgolo n'kuwagubuduza pa chitunda kuti azolowere kuzunguzika kwa m'mlengalenga, ndipo ankafuna kutumiza mtsikana wina limodzi ndi amphaka awiri. Ndalama anapempha ku UNESCO, nthambi ya United Nations, sanapatsidwe, roketi sinanyamuke. Ana amaseka mpaka misozi pa nkhani ya mgoloyo, koma ine ndimaikonda pa chifukwa china, imawaonetsa kuti kulota za m'mlengalenga si kwa azungu okha, munthu wa pafupi pompa anayambapo kale. Nthawi imeneyo n'kuti Yuri Gagarin wa ku Russia atazungulira kale dziko pa chombo cha m'mlengalenga mu 1961, ndipo Neil Armstrong ndi Buzz Aldrin a ku America anadzaponda mwezi mu July 1969.

Palinso ya ku Ruwa, kufupi ndi Harare ku Zimbabwe, komwe mu September 1994 ana pafupifupi 60 a pa sukulu ya Ariel ananena kuti nthawi ya buleki anaona chinthu chitatera kutchire kuseri kwa bwalo ndipo munatuluka tianthu ta maso akuluakulu tovala zakuda. Anajambula zithunzi za zomwe ankati anaona ndipo anthu akutsutsanabe mpaka pano, ena amati anaonadi chinachake ena amati ana anangopatsirana mantha. Iyi ndimauza ana okulirapo okha ndipo ndimanenetsa kuti umboni wogwirika palibe, chifukwa aang'ono ikhoza kuwalepheretsa kupita kuchimbudzi usiku, makolo n'kukubwererani.

Onjezerani tina ting'onoting'ono pa bolodi. Mars ndi wofiira chifukwa dothi lake lili ndi dzimbiri, ali ndi miyezi iwiri, chaka chake ndi masiku 687 ndiye mwana wa zaka 12 kuno kumeneko angakhale wa zaka 6. Kumwezi kulibe mphepo, mapazi a anthu aja anapondako mu 1969 sanafufutike. Kuwala kwa dzuwa kumatenga mphindi 8 kuti kufike kuno. Osachulutsa, si phunziro la sayansi ili, zinayi kapena zisanu zakwana.

Mukatero apatseni ntchito ya kunyumba yosafuna kope: akatuluke panja usiku akayang'ane kumwamba kwa mphindi khumi, kenako akafunse agogo kapena wamkulu aliyense mayina a nyenyezi ndi nkhani zake. Izi zimayenda bwino teremu yachitatu, cha mu June ndi July kumwamba kukakhala kopanda mitambo, Mlalang'amba umachita kuoneka mbee ngati ufa wotayika panjira, makamaka kumudzi kapena tsiku loti magetsi athima. Abwera ndi Nthanda, ena abwera ndi Nsangwe, ena Akamwiniatsatana. Pali nthano yakale yoti mwezi uli ndi akazi awiri, wina wa kum'mawa amaumana chakudya nde umaonda mpaka kutsala kachikhadabo, wina wa kumadzulo amaudyetsa bwino n'kunenepanso. Mwana akabwera nayo imeneyo muombereni m'manja. Ndiyeno muwadabwitse powauza kuti Nthandayo si nyenyezi, ndi pulaneti ya Venus, ndipo kumatentha madigiri oposa 460, mlendo wochokera kumeneko akafika ku Nsanje mu October angapemphe juzi. Ngati muli ndi foni yabwinoko, pulogalamu yoonetsa nyenyezi yotchedwa Stellarium imathandiza kudziwa chomwe mukuonacho, koma agogo ayambe ndiwo, foni pambuyo.

Tsopano kupanga mlendoyo. Lamulo langa ndi limodzi ndipo ana amadandaula nalo: wobiriwira ayi, mutu waukulu ndi tinyanga tiwiri ayi. Mukapanda kuletsa mulandira zinthu ngati izi 30:

Alien alien
ndiwe wobiriwira
uli ndi maso atatu
unabwera pa roketi
ndikukuopa.

Palibe cholakwika pa galamala koma mulibe mwana m'menemo. Nde m'malo mowafunsa kuti akuoneka bwanji, afunseni mafunso ena. Kwawo amadya chani? Akakwiya amatani? Amayi ake amamuitana bwanji kukada? Amaopa chani, nkhuku? Wabwera kudzatani, wasochera kapena wathawa ntchito ya kumunda? Akununkhira ngati chani? Aliyense ayankhe m'kope mwake mwachidule osaonetsa mnzake, chifukwa mmodzi akangonena mokweza kuti wanga ali ndi miyendo 7, onse akhala ndi miyendo 7. Mtsikana wina analemba kuti wake alibe pakamwa amadyera m'zigongono ndipo akasangalala amanunkhira utsi wa mbaula. Sindikanapeka zimenezo ine.

Apa ndiye pamene pagona nkhani, ndipo ngati muiwale zina zonse gwirani ichi: mlendoyo atere kwanu. Osati ku New York, osati mu mzinda wa magalasi womwe mwana sanauonepo. Atere pa mjigo, kuseri kwa chigayo, pa msika tsiku la msika, pa bwalo la mpira wachikulunga, m'khola la mbuzi. Chifukwa chake n'chakuti mwana sadziwa chilichonse za Mars choti angalembe mizere khumi, koma za mjigo amadziwa zonse, amadziwa kulira kwake, mzere wa zigubu, amayi amene amadumpha mzere. Vuto ndi loti zinthu zimenezi anazizolowera mpaka saziona. Akabwereka maso a mlendo amene sanaonepo mjigo chibadwire, amayamba kuziona kachikena. Paja amati mlendo ndi amene amabwera ndi kalumo kakuthwa. Ndakatulo ya alien yabwino kwenikweni imakamba za ife, alienyo ndi galasi chabe.

Njira yosavuta yowalowetsera ndi ndagi, chifukwa ndagi amazidziwa kale. Ndimangoti "Ndagi!" onse "Gize!" kenako ndimati tiyerekeze kuti mlendo uja akulembera kalata amayi ake kufotokoza chinthu chomwe waona koma dzina lake sakulidziwa, inu mundiuze ndi chani. Ndimayamba ndine: ndaona chinyama cha mwendo umodzi, ana amachikoka mchira chimasanza madzi. Sachedwa, mjigo! Ndiye iwo apange zawo. Minibasi inasanduka chilombo chomeza anthu 18 chomwe lilime lake limalendewera pakhomo likukuwa mayina a malo. Ambulera inasanduka mleme wogwidwa mwendo. Nsima wina anati ndi mtambo womwe anthuwa amaupha n'kuudula ndi chipande. Mukatola zoterezi zisanu kapena zisanu ndi chimodzi pa bolodi, ndakatulo yayamba kale iwo osadziwa. Taonani kusiyana kwake ndi ija ya wobiriwira:

Anatera kuseri kwa chigayo
mvula itangokata.
Anapeza agogo akupeta mphale
anaima njo, maso dwii.
Analembera kwawo kuti
kuno kuli mayi woweta nyenyezi
amaziponya m'mwamba, zimabwerera zokha.

Onani kuti sitinauzidwe kuti mlendoyo ndi wamtundu wanji, ndipo palibe akufunsa. Onaninso kuti lichero lija linatibweretsera mlandu lalowamo mwaulemu wake, likugwira ntchito yake yopeta.

Si onse angakonde njira ya kalatayi nde khalani ndi zitseko zina. Wina alembe ngati iyeyo ndi amene wapita kwawo kwa ma alien ndipo akusowa chani cha kuno, mudzadabwa kuti ambiri satchula TV, amatchula fungo la mvula yoyamba kapena kachigamba ka pa bulangete. Wina alembe kukambirana, mwana afunsa mlendo ayankha. Wina alembe malangizo kwa mlendo, monga ukafika kwathu usapereke moni ndi dzanja lamanzere, ukapatsidwa thobwa usakane, galu wa a Nambewe usamuyang'ane m'maso. Ndipo wina ayankhe moni wa pa Voyager uja. Zoti mlendo wabwera kudzawombera anthu ndi mfuti za moto anyamata amazikonda, sindiletseratu koma ndimafunsa kuti chabwino wawombera, kenako? Nthawi zambiri amakakamira pomwepo n'kusintha okha.

Za chilankhulo, alembe m'chomwe akulota nacho. Magazini yathu imalandira Chichewa ndi Chingerezi, ndipo wina akafuna kuponyamo mzere wa Chiyao, Chitumbuka, Chilomwe kapena Chisena ndimalola, makamaka pa mawu a mlendoyo. Koma ndaona kuti za Chingerezi zambiri zimathera pa kusaka mawu ogwirizana ndi moon, nde umapeza spoon ndi balloon zalowa popanda chifukwa. M'Chichewa vuto lake ndi lina, mawu athu onse amathera ndi a, e, i, o, u ndipo aneni ambiri amathera ndi a, ndiye kufananitsa mathero a mizere n'kosavuta mpaka sikumveka ngati luso. Musawakakamize zimenezo. Mphamvu ya Chichewa ili pa mvekero ndi pa kayendedwe ka mawu. Auzeni asake mvekero: chombo chinangoti balamanthu, nyali zake waliwali, maso phethiphethi, dothi la kwawo lofiira psuu, mudzi wonse kakasi. Mvekero umodzi woikidwa pamalo pake umaposa afotokozi asanu. Koma akazindikira kukoma kwake amathira mzere uliwonse ngati mchere wa mwana wophunzira kuphika, nde muwauze awiri kapena atatu pa ndakatulo yonse basi. Akhozanso kupeka chilankhulo cha mlendoyo, mzere umodzi wa maphatikizo opanda tanthauzo wobwerezedwa kumapeto kwa ndime iliyonse ngati kolasi, ana aang'ono amaukonda ndipo pa tsiku lolakatula sukulu yonse imayankhira.

Akalemba koyamba musatole makope. Aliyense aime awerenge mokweza, kapena awerengere mnzake ngati ndi wamanyazi. Pamene lilime lapunthwa ndi pamene pali vuto, pamene mpweya wathera ndi pamene mzere uyenera kuduka. Izi zimaphunzitsa kudula mizere kuposa lamulo lililonse lomwe ndingalembe pa bolodi. Omvera ndimawapempha chinthu chimodzi chokha, atchule mzere womwe awukumbukira. Osati zabwino kapena zoipa, mzere womwe watsalira m'mutu. Wolembayo amadziwa yekha kuti pamenepo ndi pomwe pali moyo ndipo enawo akhoza kuchotsedwa.

Kukonza ndiye pomwe aphunzitsi timalakwitsa kwambiri, ine ndemwe ndinalakwitsapo. Bolopeni yofiira isiyeni mu thumba. Konzani kalembedwe ka mawu, monga ng'ombe kuti isakhale ngombe, n' ndi m' zikhale pamalo pake, koma maganizo a mwana musawagwire. Chaka choyamba mnyamata wina analemba kuti mlendo analira misozi ya palafini, ine ndi nzeru zanga ndinasintha kuti misozi yowawa poganiza kuti palafini sizikumveka. Magazini itatuluka anabwera n'kundiuza mwaulemu kuti "sala iyi si yanga", ndipo sanalembenso teremu yonseyo. Ankanena zoona, palafiniyo ndiye inali ndakatulo. Pano ndikafuna kusintha kanthu ndimamuitana mwini wake ndimufunse, akakana zimakhala momwemo. Chomwe ndimalimbikira kuchotsa ndi ndime yomaliza ija ya choncho anzanga tiyeni tilimbikire sukulu kuti tidzapite kumwezi, imabwera yokha ngati chifuwa cha mu June. Ndimaphimba ndi dzanja n'kumufunsa kuti taiwerenge popanda iyi, yaperewera? Ambiri amaona okha kuti inatha kale pamwambapo.

Pali chinthu china choti mukhale nacho tcheru. Chifukwa nkhaniyi ndi yopeka, ana ena amabisalamo n'kunena zomwe sanganene poyera. Mukapeza ndakatulo yoti mlendo nditenge tipite kwanu chifukwa kuno amandimenya, kapena kuno ndimagona ndi njala, kapena pali munthu amabwera usiku, musaiwerenge pagulu ndipo musathamangire kuisindikiza. Khalani naye pansi mwanayo mofatsa, mwina ndi kupeka chabe koma mwina ayi, ndipo ngati pali nkhani dziwitsani ahedi ndi amene amaona za chitetezo cha ana pasukulu panu, kaya ndi amayi a mother group kaya ndi aphunzitsi olangiza.

Posankha zolowa m'magazini musatenge za ana anzeru m'kalasi okhaokha. Kawirikawiri mzere wodabwitsa umachokera kwa uja amakhala kumbuyo amene malikisi ake a Chichewa ndi 40. Ine ndimayesetsa kuti aliyense amene anamaliza alowemo ndi kenakake, amene ndakatulo yake yonse sinayende ndimatengako mzere umodzi wabwino n'kuuika pa tsamba la ndagi za mlendo, dzina lake pansi. Samalani ndi zokopera. Mwana wa Sitandade 6 akabweretsa ndakatulo ya Chingerezi chosalala yokamba za chipale chofewa ndi mawu oti iyeyo sangawatchule, mufunseni tanthauzo la mzere wachitatu, mudziwa pompo. Masiku ano ena amauza achimwene awo kuti awafunsire AI, mapulogalamu aja olemba okha ukawafunsa, pa foni, zimatuluka zaudongo koma zozizira, mulibe chigayo mulibe agogo. Njira yachidule yopewera zonsezi ndi yoti kulemba koyamba kuchitikire m'kalasi inu mukuona. Mayina ndimalemba loyamba ndi kalasi basi, ndipo makolo ndimawadziwitsa kaye ndi kakalata, makamaka ngati masamba ena mudzawaike pa Facebook kapena pa gulu la WhatsApp la makolo.

Zithunzi zisasowe, ndakatulo za ma alien popanda zojambula ndi ndiwo zopanda mchere. Koma wojambula asakhale mwini ndakatulo, mupatse mnzake awerenge ajambule zomwe wamva, pamatuluka mikangano yokoma. Ajambule pa pepala loyera lopanda mizere ndi bolopeni yakuda kapena maka, pensulo ndi makrayoni pa fotokope zimangotuluka ngati utsi.

Kusindikiza sikufuna ndalama zambiri ngati mmene anthu amaopera. Pepala la A4 mukalipinda pakati limapereka masamba 4, nde magazini yanu ikhale ya masamba 8, 12, 16, 24, nambala yogawika ndi 4. Mapepala 6 akupatsani masamba 24, okwanira ndakatulo pafupifupi 30 ndi zithunzi. Musanapite kotayipa pindani mapepala opanda kanthu mupange kachitsanzo, lembani manambala a masamba ndi mutu wa chomwe chikhale pamenepo, kenako mumasule, muona kuti tsamba 24 likhala limodzi ndi tsamba 1, tsamba 2 ndi 23, choncho choncho. Mukapanda kutero ndakatulo imayamba pa tsamba 5 n'kukathera pa 19. Wotayipayo mukhale naye pambali. Ine ndinasiyira mnyamata wa pa shopu ina ya fotokope pa boma, iye pofuna kundipulumutsira mapepala analumikiza mizere yonse kukhala ndime ngati chimangirizo, kompyuta nayo inasintha mawu a Chichewa kuwasandutsa Chingerezi chosamveka, ndinalipira kawiri. Muuzeni kuti mzere uthere pomwe mwana wauthera ndipo azimitse chokonza mawu chija. Sindikizani kope imodzi kaye, ana awiri aiwerenge kusaka zolakwika, maso awo ndi akuthwa kuposa athu makamaka pa mayina awo. Ngati sitepala yaitali palibe, tambasulani wamba, ikani magazini chafufumimba pa katoni, bayani pamsana n'kupinda mapini ndi rula, kapena sokani ndi singano ndi ulusi, imalimba kuposa ya mapini.

Mukafuna kuti chikule chikhale buku la sukulu zingapo, yambani ndi zoni yanu, kambiranani ndi a PEA, alangizi a sukulu za m'zoni, ndipo aphunzitsi mukumane ku TDC, likulu la zoni lija, sukulu iliyonse ibweretse ndakatulo zisanu kapena khumi pa mutu womwewu. Kukoma kwake n'koti mlendo yemweyo amatera malo osiyanasiyana, wa kunyanja amamupeza akudabwa ndi nyali za asodzi a usipa usiku n'kumaganiza kuti nyenyezi zagwera m'madzi, wa ku Thyolo amasochera m'munda wa tiyi. Osankha asakhale mphunzitsi wa ana omwewo, sinthanani mapepala mayina mutabisa. Ndipo chenjerani ndi anthu a pa intaneti amene amati mwana wanu wapambana, tumizani ndalama kuti ndakatulo yake ilowe m'buku, kenako mugulenso bukulo. Ndakatulo ndi ya mwanayo, aliyense wofuna kuisindikiza kwina apemphe kwa iye ndi makolo ake.

Tsiku lotulutsa musangogawa m'kalasi mwakachetechete. Pemphani mphindi 20 pa asembule kapena tsiku lotsekera, alakatuli asanu kapena asanu ndi mmodzi okonzekera bwino, wina avale katoni ndi zitsekero za mabotolo akhale mlendo, makolo aitanidwe, kuphatikizapo uja anabwera kudzafunsa za lichero. Kope imodzi isungidwe ku ofesi, ina ku laibulale ngati ilipo, ndipo mwana aliyense amene dzina lake lilimo apite nayo yake kunyumba ngakhale zitavuta bwanji.

Chikuto chakumbuyo chisungireni yankho la moni wa pa Voyager uja. Ine ndimalemba pamwamba kuti mu 1977 tinafunsa kuti muli bwanji inu nonse anthu akumwamba, pansi pake ndimaika yankho limodzi lomwe kalabu yasankha poimika manja. La chaka chatha linali la kamtsikana ka Sitandade 6 kosayankhulayankhula, mizere inayi yokha:

Tili bwino, kaya inu.
Moni wanu wafika dzulo madzulo
wotopa, fumbi lokhalokha.
Tamupatsa madzi, wagona pa mphasa.